Golf ya dizilo ikudzikutumula ndikazimitsa injini

Bambo a Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Golf 4 ya 2002, injini ya 1.9 TDI. Pamsewu ilibe vuto, msewu wa Zomba ndimauyenda sabata iliyonse. Koma ndikangotembenuza kiyi kuti ndizimitse, injini imadzikutumula ngati galu wonyowa, ndodo ya giya kugwedera, makobidi a pa dashibodi kuchita phokoso. Kale inkazima mwakachetechete. Mlamu wanga akuti ndi ma mounting, mphira zomwe injini imakhalapo. Ndisanataye ndalama, ndiyambire pati?

Sipanala ya ku Ndirande: Achimwene, ma mounting asiyeni kaye. Akanakhala amenewo, bwenzi ikugundanso ponyamuka ndi posintha giya. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri, ndiye ngakhale mafuta adulidwe, ma piston amalimbanabe ndi mpweyawo mpaka kuima mwankhanza. N'chifukwa chake pakhosi pa intake (njira yolowera mpweya mu injini), pomwe pali EGR (valavu yobwezera utsi wina mu injini), anaikapo kachitseko kotchedwa anti-shudder valve. Pozimitsa kamatseka mpweya kwa kanthawi kochepa, kenako n'kutsegukanso. Tsegulani boneti, wina azimitse, inu maso pa kamkono kakuda kapulasitiki kali pambali pake. Kakapanda kusuntha, mwagwira mbava. Tsatirani kapayipi ka vacuum kuchoka pamenepo mpaka pa solenoid yake, kavalavu kamagetsi kolamulira kachitsekoko, kotchedwa N239. Timapayipi timeneti timauma ndi kutentha n'kung'ambika kumapeto.

Mayi a ku Area 25: Yanga inachita zosiyana. Kachitseko kanakanirira kotseka chifukwa cha mwaye wa EGR wosakanikirana ndi oyilo, wakuda bii ngati phula. Mmawa sitata ikuzungulira, injini osalira, ine n'kumanamizira batire. Wina anangokakankha ndi chala, basi inalira. Mukamatsuka, chotsani chonsecho mutsukire pansi, zinyalalazo zisagwere mu injini.

Sipanala ya ku Ndirande: Zoona amayi. Ndipo pali ena amangokachotseratu, ati n'kopanda ntchito. Ine ayi. Tsiku lomwe turbo idzayambe kuthira oyilo mu intake, injini n'kumathamanga yokha kiyi ali m'manja, mudzakafuna.

Bambo a Tadala: Ndayang'ana madzulo ano, Tadala ndiye amazimitsa. Kamkono sikakusuntha. Ndikakakankha ndi chala kakuyenda bwinobwino, koma kapayipi kang'ambika pakamwa penipeni. Ndadula pong'ambikapo n'kubwezeretsa, yazima ngati kale. Mlamu sindinamuuzebe.