Gulu la banja: za shuga ndi m'mimba mwa amayi

Naphiri (Dedza): Amalume, amayi aang'ono ndi abale nonse, ndikupempha kuti tikambirane za amayi. Mwezi watha kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri ndipo anawapatsa metformin, koma atangoyamba kumwa anayamba nseru ndi kutsegula m'mimba, moti asiya okha, akuti mankhwalawo ndi amene akuwadwalitsa. Usiku akudandaulanso chilungulira, ndipo adokotala anati thupi lawo lakula kwambiri chifukwa sikelo inaonetsa makilogalamu 92.

Amalume a Banda: Mwachita bwino kutiuza, Naphiri. Mlongo wangayo akakana chinthu amakanitsitsa, choncho tisamukalipire. Mwana wanga wa ku Blantyre, iwe ndiwe namwino, tatiunikira.

Nabanda (Blantyre): Zikomo bambo. Zimene azakhali akumva zimachitikira anthu ambiri akamayamba metformin, ndipo kawirikawiri zimachepa pakapita milungu ingapo, makamaka munthu akamamwa mankhwalawo pa nthawi ya chakudya kapena atangomaliza kudya, osati m'mimba mulibe kanthu. Akabwerera kuchipatala, adokotala angathe kuwayambitsanso ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Choopsa ndi kusiya mwakachetechete, chifukwa shuga wokwera sapweteka, koma amawononga impso, maso ndi mitsempha ya kumapazi. Asuweni, kodi pali mankhwala ena amene akumwa?

Naphiri (Dedza): Alipo. Chifukwa cha maondo amagula Brufen pa golosale, ndipo nthawi zambiri amamwa m'mamawa asanadye kanthu, akamapita kumunda.

Nabanda (Blantyre): Ameneyo angakhale gwero la chilungulira. Brufen ndi diclofenac amakanda m'mimba, angayambitse zilonda, ndiponso sagwirizana ndi impso za munthu wa shuga. Ayambe aleka, panado ndiye wabwinoko, ndipo adokotala auzidwe kuti aone ngati pakufunika omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, kapena kuyeza kachilombo ka H. pylori, kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba. Mukadzaona chimbudzi chakuda bii kapena akusanza magazi, musadikire kuti kuche.

Amayi aang'ono: Ine nkhawa yanga ndi ya kuchepetsa thupiyo. Achemwali anga akhala ojintcha moyo wawo wonse, ndipo akayamba kuonda anthu kumudzi adzayamba kunong'ona kuti ana awo akuwamana chakudya kapena akubisa matenda ena. Komanso mnzanga wa kumpingo akuti masamba a nimu owiritsa amathetseratu shuga.

Nabanda (Blantyre): Azakhali aang'ono, nkhawa yanu ndi yomveka, koma sitikunena zoti aonde n'kutsala mafupa. Kuchotsa makilogalamu 5 pa 92 aja, pang'onopang'ono, kumathandiza kale shuga, maondo ndi chilungulira chomwe, popeza mimba yaikulu imakankhira asidi kummero munthu akagona. Za nimu ndikupempha kuti tisayese. Shuga satheratu ndi zitsamba, ndipo mlingo wake palibe amene amaudziwa.

Amalume a Banda: Za anthu onong'ona zisiyireni ine, ndidzafotokoza ndekha kwa abale ndi kumpingo. Chimene ndikufuna kumva ndi kadyedwe, chifukwa munthu wamkulu ngati ameneyu sungamuuze kuti asiye nsima.

Nabanda (Blantyre): Nsima asasiye, bambo. Ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera chawo, ndipo theka la mbale likhale masamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru, pamodzi ndi nyemba, nandolo kapena usipa. Zofunika kuchotsa ndi masupuni atatu a shuga amene amathira mu tiyi, thobwa lotsekemera, Sobo ndi mandasi. Mgaiwa nawonso umakweza shuga ukachuluka, ndiye nkhani ili pa kukula kwa mtanda. Chakudya chamadzulo adye kukadali maola atatu asanagone, ndipo kumutu kwa bedi kukwezedwe ndi njerwa.

Naphiri (Dedza): Ndiye pakhomo tonse tizidya chimodzimodzi, chifukwa amayi sangapirire kuona adzukulu akumwa thobwa iwo atagwira kapu ya madzi. Ndiziyang'ananso mapazi awo madzulo aliwonse, popeza amakonda kupita kudimba osavala nsapato.

Phiri (Johannesburg): Amalume, ine ndigula kamakina koyezera shuga ndi timapepala take, ndipo nditumiza pa basi sabata yamawa pamodzi ndi nsapato zotseka zofewa. Asuweni, manambala ake tiziwerenga bwanji?

Nabanda (Blantyre): Gulani koonetsa manambala mu muyezo wa mg/dL, kapena mutiuze ngati kakuonetsa mu muyezo wina wa mmol/L monga ambiri a kumeneko, kuti tisasokoneze. M'mamawa asanadye, pakati pa 80 ndi 130 mg/dL ndi pabwino. Manambala akatsika pansi pa 70, kapena azakhali akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, apatsidwe madzi a shuga msanga. Manambalawo azilembedwa mu kope lopita nalo kuchipatala.

Amalume a Banda: Tagwirizana motere: Lachitatu ndifika ku Dedza kuti ine ndi Naphiri tiwaperekeze kuchipatala, titatenga buku lawo la kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala, Brufen yemwe. Aliyense wapantchito azitumiza K15,000 pamwezi kwa Naphiri ya ndiwo ndi mayendedwe, kuyambira kumapeto kwa mwezi uno.

Amayi aang'ono: Ndamva, achimwene. Ine ndipita Loweruka kukagona komweko, ndikayambe ndalankhula nawo ndekha za mankhwalawo inu musanafike.