Thandizeni maganizo: kandege kopita pachilumba, ndipo ndikuyenda ndi amayi

Wofunsa

Moni nonse a m'gulu muno. Funso langa likupita kwa amene munakwerapo tindege ting'onoting'ono topita m'zilumba, chifukwa ndatsala pang'ono kulipira koma mtima sukukhazikika.

Amayi anga apuma pantchito chaka chino, ndiye ndikufuna ndiwatenge tikapumeko pachilumba china chaching'ono. Tchuthi chake n'chachifupi. Tifika Lachisanu, tibwerera Lolemba, poti Lachiwiri m'mawa ndiyenera kupezeka kuntchito. Ulendowu uli pawiri: ndege yaikulu mpaka mumzinda wa m'mbali mwa nyanja, kenako kandege ka anthu 12 kamene kamauluka mphindi ngati 30 kukafika pachilumbapo. Makampani ake ndi osiyana, choncho matikiti ndigula padera.

Pamene pakundivuta kwambiri ndi pobwerera. Kandegeko kamachoka pachilumba masana, ndipo kakatera pamatsala maola atatu kuti yaikulu ija inyamuke. Kodi maola atatuwo ndi okwanira? Mnzanga wina akuti tiwoloke Lamlungu tikagone kumtunda, koma tikatero ndiye kuti pachilumbapo tikhalapo tsiku limodzi lathunthu basi, pamene ndalama zake si zamasewera.

Zina ndi izi. Alemba kuti katundu asapitirire makilogalamu 15 ndiponso akhale m'chikwama chofewa, sutikesi yolimba ayi. Kodi amalimbikiradi zimenezo? Pafomu afunsanso kulemera kwa munthu aliyense, ndipo amayi zawadabwitsa. Iwowo amamwa mankhwala a BP, mawondo amawavuta pokwera masitepe, komanso m'galimoto akayenda mtunda wautali amamva nseru. Ndikufuna akasangalale, asakavutike chifukwa cha ine. Ndithandizeni.

Mlendo Ndi Mame

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanalipire. Maola atatuwo musawawerenge onse. Ndege zazikulu zambiri, makamaka zopita kunja, zimasiya kulandira katundu patatsala pafupifupi ola limodzi kuti zinyamuke. Katundu wanu sadutsa yekha poti matikiti ndi awiri, mukamutenga nokha n'kukamuperekanso, ndipo m'mabwalo ena tindege timeneti timatsitsira anthu kunyumba ina, kutali ndi kumene mukakwerere yaikuluyo. Muonjezerepo kuti amayi sangathamange. Mpata weniweni umene mwatsala nawo mwina ndi ola limodzi ndi theka.

Koma chachikulu ndi cha matikiti apaderacho. Ulendo wonse ukakhala pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa kampani imakuikani pa ina yotsatira. Akakhala apadera, kampani ya yaikuluyo ilibe nazo ntchito zoti munachedwera kuti. Kwa iwo ndinu munthu amene sanabwere, ndipo kawirikawiri tikiti yotsika mtengo imathera pomwepo. Mukagula ina pamtengo wa tsiku lomwelo, anthu awiri. Mtengo umenewo muuyerekeze ndi wa chipinda chogona usiku umodzi kumtunda, ndiye muone chimene mungapirire.

Makaniko Wopuma

Mwana wanga, ndinagwirapo ntchito yokonza ndege, ndiye ndifotokoze chifukwa chake tindegeti timachedwa, kuti musaganize kuti ndi chibwana cha makampani.

Mabwalo ambiri a m'zilumba zing'onozing'ono alibe magetsi a pamsewu wotera, alibenso zida zotsogolera ndege kukakhala mitambo yotsika. Woyendetsa ayenera kuuona msewuwo ndi maso ake. Kukachita chifunga amadikira, dzuwa likalowa basi mpaka mawa. Ndiponso kandege kamodzi komweko ndi kamene kamazungulira tsiku lonse. Kakachedwa mphindi 40 m'mawa, kuchedwako kumanka kukula mpaka masana, ndipo ulendo womaliza ndi umene umalephereka. Inu mwasankha wamasanawo.

Chilumba chilichonse chili ndi vuto lake. Ku Saba, ku Caribbean, msewu wotera ndi wa mamita pafupifupi 400 okha, kutsogolo ndi kumbuyo kuli nyanja. Ku Barra, ku Scotland, ndege zimatera pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, moti nthawi yake imatsatira kuphwera kwa madzi. Ku St Helena bwalo linamalizidwa mu 2016, koma ndege zonyamula anthu mlungu ndi mlungu kuchokera ku Johannesburg zinayamba mu 2017 chifukwa cha mphepo yosinthasintha pamalo oterapo. Ndiye funsani za chilumba chanucho: chimene chimaimitsa ndege kumeneko n'chiyani, ndipo chimakonda kuchitika nthawi yanji?

Za kulemera, auzeni amayi asakhumudwe, ndipo mulembe zoona. Ndege yaikulu imanyamula anthu mazana, ndiye amangoyerekeza kulemera kwa munthu mmodzi n'kuchulukitsa. Pa anthu 12, makilogalamu 10 amene aliyense wabisa amakwana munthu wina wathunthu. Kulemerako kuyeneranso kugawidwa bwino kutsogolo ndi kumbuyo, apo ayi ndege imavuta kuiwongolera ponyamuka ndi potera. N'chifukwa chake ena amakukwezani pasikelo muli ndi chikwama chanu chakumanja, kenako n'kukuuzani pokhala. Kukatentha mpweya umapepuka, mapiko ndi injini sizigwira mwamphamvu ngati m'mawa kozizira, ndiye pamsewu waufupi amachepetsanso zonyamula. Zikatero chimene chimatsala ndi katundu, amabwera ndi ulendo wotsatira.

Chikwama chofewa amalimbikiradi. Pa anthu 12, ngati kali ndi injini imodzi, ndikuganiza kuti ndi kandege ka mtundu wa Cessna Caravan, ndipo katundu wake amalowa m'tizipinda tapansi pamimba pake, ta zitseko zing'onozing'ono. Sutikesi yolimba yaikulu siilowa, ngakhale ikhale yopepuka. Mufunsenso ngati makilogalamu 15 amenewo akuphatikiza chakumanja, chifukwa makampani ambiri amawerengera pamodzi.

Woyenda Pang'ono

Ine ndikusiyana nawo akuluakulu anenawa pa zogona kumtunda. Mwavutikira ndalama kuti amayi akaone nyanja, ndiye usiku umodzi mwa mausiku ochepawo akaugonere pafupi ndi bwalo la ndege mumzinda? Ayi ndithu. Masiku ambiri tindegeti timayenda bwinobwino, kungoti amene anayenda bwino salemba m'magulu muno. Bwanji osafunsa ngati Lolembalo kuli ulendo wam'mawa? Mukakwera umenewo mwapulumutsa Lamlungu lonse, ndipo ukalephereka wamasana uja udakalipo.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Makaniko, ndawawerengera amayi zimene mwalemba za sikelo ndipo amvetsa. Achimwene Woyenda Pang'ono, ndaimbira kampaniyo. Akuti Lolemba ulendo wam'mawa ulipo, umachoka pachilumba cha m'ma 8 koloko, ndipo malo alipo. Atsimikizanso kuti bwalo la pachilumbapo lilibe magetsi, komanso makilogalamu 15 aja ndi a zonse pamodzi. Ndiye tikhala maola ambiri pabwalo lalikulu tikudikira, koma zimenezo ndingapirire. Kodi pamenepa ndatetezeka?

Makaniko Wopuma

Mwachepetsa vuto kwambiri, koma silinatheretu. Mufunse ngati kandegeko kamagona pachilumba kapena kamachokera kumtunda m'mawa womwewo. Ngati kamachokera kumtunda, nyengo iyenera kukhala yabwino mbali zonse ziwiri. Chinanso, wam'mawa ukalephereka, anthu ake onse amafuna malo pa wamasana umene uli kale ndi eni ake, ndipo mipando ndi 12 yomweyo. Afunseni mwachindunji kuti zikatero amachita bwanji, amatumiza kandege kena kapena mumadikira mawa. Yankho lawo likhale lolembedwa.

Simunatiuze mwezi. Kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian nyengo ya namondwe imayambira Novembala mpaka Epulo, pamene ku Caribbean ndi Juni mpaka Novembala. Ngati ulendo wanu ukugwa m'miyezi yotero, ine ndikubwerera ku mawu a mnzanu uja: wolokani Lamlungu. Namondwe saimitsa ulendo umodzi, amatseka masiku angapo. Kunja kwa miyezi imeneyo, wam'mawawo ndi wabwino, ndiponso mpweya wam'mawa umakhala wodekha, kandege sikagwedezeka kwambiri ngati masana nthaka itatentha. Kwa munthu wa nseru zimenezo n'zothandiza.

Mlendo Ndi Mame

Ndiwonjezere za boti, poti wina akuuzani kuti ndege ikakanika mudzakwera boti. Muone kaye ngati lilipo tsiku limenelo ndiponso limatenga maola angati. Kukakhala chifunga chabe lingakupulumutseni, koma mphepo imene yaimitsa ndege nthawi zambiri imautsanso mafunde, boti nalonso osanyamuka. Likanyamukanso, kwa amayi a nseru ndi mawondo ovuta ungakhale ulendo wowawa.

Inshuwalansi ya paulendo gulani, koma muwerenge mawu ake. Muyang'ane ngati imalipira munthu akaphonya ndege chifukwa choti ina yachedwa, makamaka pa matikiti apadera, ndiponso ngati imafuna kuti pakati pake pakhale maola angati. Matenda a amayi muwatchule polembetsa, chifukwa mukabisa akhoza kukana kulipira. Muonenso ngati imalipira kusamutsa wodwala, poti m'zilumba zing'onozing'ono nthawi zambiri mumangokhala kachipatala kochepa, wodwala kwambiri amapita naye kumtunda.

Namwino wa Usiku

Achemwali, ndiyankheko za thanzi la amayi. BP imene ikutsika bwino ndi mankhwala siiletsa munthu kukwera ndege. Tindege timeneti sitipopera mpweya m'kati ngati zazikulu, koma paulendo wa mphindi 30 sitikweranso kwambiri, ndipo m'kati mwa ndege yaikulu momwemo mpweya umakhala ngati wa paphiri la mamita 1,800 mpaka 2,400. Ngati ali ndi vuto la mtima kapena la mapapo, kapena achitidwa opaleshoni posachedwapa, aonane ndi dokotala kaye. Ngakhale palibe zimenezo, ndi bwino akayezetse sabata imodzi ulendo usanafike.

Mankhwala awo akhale pathupi panu, m'kachikwama kamene simusiyana nako, ndipo mutenge opitirira masiku a ulendowo. Mwamva kale kuti katundu amatha kutsala, nanunso mutha kutsakamira pachilumbapo. Musadalire kuti mukagula komweko.

Mankhwala a nseru amagwira bwino akamwedwa ndege isananyamuke, mphindi 30 mpaka ola limodzi, osati nseru itayamba. Ambiri amagonetsa, ndipo kwa achikulire amatha kuchititsa chizungulire, ndiye afunse dokotala kapena wa kufamase amene akudziwa mankhwala awo a BP. Asakwere ndi njala, asakhutenso kwambiri. M'ndegemo ayang'ane kutali pawindo, asawerenge kapena kuyang'ana foni. Potsika makutu amatseka, ameze malovu kapena ayasamule pafupipafupi. Akakhala ndi chimfine chotseka mphuno makutu amapweteka kwambiri, muwauze a chipatala musananyamuke.

Chimbudzi m'tindege tambiri totere mulibe. Ngati ena mwa mankhwala awo ndi okodzetsa, afunse dokotala nthawi yabwino yomwera tsiku limenelo, asangosiya okha.

Agogo a Mapasa

Mwana wanga, ine ndine wa msinkhu wa amayi ako ndipo ndinakwerapo. Masitepe ake ndi ochepa koma ndi opapatiza, ndipo m'katimo suungaime mowongoka, umayenda chowerama mpaka pampando. Uwauziretu a kampani kuti uli ndi munthu wa mawondo ovuta, amathandiza, ndipo kulemera kukalola amamukhazika pafupi ndi khomo. Avale nsapato zogwira bwino phazi, manja onse awiri akhale opanda kanthu pokwera.

Chimene ndingakupemphe n'choti uwafotokozere zonse asanakwere. Phokoso la injini ndi lalikulu, woyendetsa amaoneka ali pompo patsogolo pako, ndipo potera umaona madzi okhaokha mpaka mwadzidzidzi nthaka yatulukira. Munthu akadziwiratu saopa. Ine ndinaona nyanja ikusintha mtundu pamene tinkayandikira, kuchoka pa yakuda bii kufika poyera mpaka mchenga wapansi kuoneka, ndipo mantha ndinaiwala. Uwapatse mpando wa pawindo.

Woyenda Pang'ono

Kakang'ono kena: power bank ndi mabatire apadera saloledwa m'katundu wopita pansi, akhale m'manja. Malire ake ambiri ndi 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire), ndipo ya 20,000 mAh ili cha m'ma 74 Wh, ndiye ilibe vuto. Ndatchula chifukwa pa tindegeti nthawi zina amakulandani chikwama chakumanja pakhomo n'kuchiika pansi. Tulutsiranitu batire, mankhwala ndi mapasipoti.

Wofunsa

Agogo, zikomo, mawu anuwa ndiwawerengera amayi madzulo ano. Anamwino, kuchipatala tipita sabata yamawa ndipo za mankhwala a nseru tikafunsa komweko.

Ulendo wathu suli m'miyezi ya namondwe, ndiye ndasankha wa Lolemba m'mawa. Ndalembera kampani kufunsa ngati kandegeko kamagona pachilumba ndiponso chimene amachita ulendo ukalephereka, ndipo sindilipira asanayankhe. Tikiti ya ndege yaikulu ndigula imene imalola kusintha tsiku, ngakhale ndi yokwererapo mtengo. Abwana kuntchito ndiwauziratu kuti Lachiwiri likhoza kundipeza ndili m'njira.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa Bambo Makaniko kapena aliyense amene akudziwa. Amayi amayenda ndi ndodo yachitsulo yopindika. Kodi amawalola kukwera nayo mpaka pampando, kapena imapita pansi ndi katundu? Nanga imawerengedwa pa makilogalamu 15 aja?