Ulendo wa ku Cape Maclear uja, ndilipire kapena ndisiye?

Mayi a Tadala, Nchalo:
Abale ndithandizeni nzeru. Pali mnyamata wina akukonza ulendo wa ku Cape Maclear wa masiku atatu mu Okutobala, basi kunyamukira pa Nchalo pompano, akuti pogona ndi chakudya zonse zili mkati, koma kuti ndikwanitse ine ndi ana awiri ndiye kuti mbuzi zitatu zipite. Anawa chibadwire sanaionepo nyanja ndipo mtima ukundiwawa.

Achimwene a ku Bangula:
Asisi mbuzi zitatu chifukwa chokaona madzi? Madzi omwewo ndi amene akudutsa pa Chiromo apa, Shire amatuluka m'nyanja momwemo ku Mangochi. Kuno mbuzi ndiye banki yathu, mwaiwala mmene namondwe wa Freddy anatisiyira mu 2023? Fizi ya Januwale ikubwera, mbewu simunagule, ine ndikuti ayi.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Pepani achimwene koma si zofanana. Mu Shire mwana mungamulole kulowa ndi ng'ona zija? Ana athu amakula akuopa madzi, Okutobala dzuwa likuwotcha chonchi iwo amangoyang'ana mtsinje patali. Kumene kuja madzi ndi oyera mbee, mwana amaima kufika m'chiuno n'kumaona nsomba za mbuna zabuluu ndi zachikasu zikuzungulira miyendo yake, ena amanyenyera buledi m'madzi nsombazo n'kumadzadya m'manja. Malowo ali mu paki ya Lake Malawi National Park, anaikhazikitsa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linailemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezo, zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Palinso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 kenako n'kusamukira ku Bandawe malungo atawavuta, zomwe timaphunzitsa m'kalasi mwana akaziona ndi maso saiwala. Ine ndikuti apite.

Ankolo a minibasi, Dyeratu:
Ine sindikukana ulendo, ndikukana mawu oti masiku atatu. Werengani nokha, kuchoka Nchalo kukwera phiri pa Thabwa, Blantyre, Zomba, Liwonde, Mangochi, kenako kukhota musanafike Monkey Bay n'kulowa kamseu kokhotakhota m'mapiri mpaka ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, tsiku latha limenelo, pobwera chimodzimodzi, ndiye kunyanja mukhalako tsiku limodzi lokha. Mumufunse mnyamatayo ngati boti lopita ku chilumba cha Thumbi ndi ndalama yolowera mu paki zili mkati, chifukwa ambiri amangoti zonse zonse mukafika boti mulipire padera, pomwe kukoma kwake kuli pa boti pomwepo, nkhwazi kutsika kudzawakha nsomba pamadzi ana akuona.

Anamwino a ku Nsanje:
Mukapita musaiwale nkhani ya likodzo, m'mbali mwa mudzi wa Chembe lilipo. Mukabwerako pakadutsa miyezi iwiri ana apite kuchipatala akalandire mankhwala a likodzo a praziquantel, musadikire kuti mpaka akodze magazi. Pa boti ana avale jekete zoyandamitsa, ngati palibe musakwere chonde.

Achimwene a ku Bangula:
Mwamva nokha, tsiku limodzi, likodzo pamwamba. Majete ili pafupi pano, njovu akaziona m'mawa madzulo ali pakhomo.

Alamu a ku Makhanga:
Njovu si nyanja alamu. Mayi a Tadala ine ndingati musagule za mnyamatayo, pitani nokha pa basi, mukagone malo otchipa ku Monkey Bay kapena kwa abale ngati alipo ku Mangochi, mukakhale masiku amene mukufuna. Pobwera mugule usipa wouma kwa asodzi konko mudzagulitse pa msika wa Nchalo, thiransipoti ina ibwerere. Mwina mbuzi ziwiri zikwana.

Mayi a Tadala, Nchalo:
Zikomo nonse. Ndamuimbira, akuti boti ndi padera, za paki sakuyankha bwino. Kwa iyeyu sindilipira. Alamu kodi kuchokera ku Limbe basi ya ku Monkey Bay ndikwere ya nthawi yanji kuti tifike kusanade? Ndipo usipawo ndigule wa mu ndowa kapena wa pa thumba?