Belo langa la ku Chinkhoma ndi paketi ya ndudu ya ku London

Mlimi wa ku Santhe:
Anzanga, ndithandizeni masamu awa, mwina ine sukulu inandiperewera. Chaka chino fodya wanga wa bale wayenda pa madola 2 ndi timasenti pa kilo. Atadula ngongole ya feteleza, thiransipoti ndi ziguduli, zimene zinalowa kubanki ndinachita nazo manyazi kuwaonetsa mayi akunyumba, munthu amene tinathirira naye nazale kuyambira Seputembala, n'kusoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii. Ndiye mphwanga amene amasamalira nkhalamba ku UK wanditumizira chithunzi pa WhatsApp: paketi ya ndudu 20 ndi mapaundi oposa 12. Ndudu imodzi fodya wake sakwana galamu, kusonyeza kuti kilo yanga ikhoza kutulutsa mapaketi ngati 50. Ndalama yonseyo imatsakamira pati? Nanga akamati dziko lapansi likutukuka, ifeyo tilimo?

Aphunzitsi a pa Kamwendo:
Achimwene, masamu anuwo ali bwinobwino. Gawo lalikulu la mtengo wa paketiyo ndi msonkho wa boma la UK, lina ndi la kampani yopanga ndudu ndi masitolo. Tsamba lanu ndiye chinthu chotchipa kuposa zonse m'paketimo. Ndipo si fodya yekha. Lipoti la World Inequality Report la 2022 linapeza kuti anthu 10 olemera kwambiri pa 100 alionse amatenga 52 peresenti ya ndalama zonse zimene anthu amapeza padziko, pomwe theka la anthu onse, la kumunsiko, limagawana 8.5 peresenti. Pa chuma ndi katundu ndiye zoopsa: 76 peresenti kwa omwewo, theka lija 2 basi.
Funso lanu lachiwiri ndi lovutirapo. Mpata pakati pa mayiko unachepadi m'zaka 40 zapitazi, koma chachikulu chinali China, kumene anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni, kenaka India. Iwo anakwera ndi mafakitale. Ife tikugulitsabe tsamba lomwelija, ndipo kwacha atayigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinatsetsereka kubwerera mmbuyo.

Wapajoni:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndinaziona ndi maso. Kwathu ku Mchinji ndinkalima dimba, kuno ku Randburg ndimatchetcha kapinga ndi kutsuka damu losambiramo la abwana. Manja omwewa, mutu womwewu, ndalama ya mwezi umodzi kuposa ya dimba chaka chonse. Katswiri wina wa zachuma, Branko Milanovic, anawerengetsera kuti kusiyana kwa zimene anthu amapeza padziko, koposa theka kumachokera pa dziko limene munthu ali, osati khama lake. N'chifukwa chake mabasi a Joni sapita opanda anthu. Komatu musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Sandton ndi Alexandra zangolekanitsidwa ndi msewu, uku magalasi okhaokha, uku zisakasa za malata.

Agogo a ku Chulu:
Ana inu mukuloza kutali. Ine ndinakulira pa esiteti konkuno ku Kasungu, bambo anga ali tenanti. Nthawi ya Kamuzu lamulo silinkalola mlimi wamba kulima bale, unali wa eni maesiteti, mpaka cha m'ma 1990. Chaka chonse tinkapatsidwa chimanga ndi mchere pangongole, fodya akagulitsidwa bwana amatsegula buku lake n'kunena kuti mwatsala ndi ngongole. Mayi anga anali ndi chitenje chimodzi, akachichapa amadikira chiume ali m'nyumba. Utenanti anauletsa ndi lamulo mu 2021, koma pitani m'midzimu mukaone ngati watha. Ndiye ndikufunseni inu a ku Santhe, mwaulemu: amene anakupalirani ndi kukuthyolerani fodyayo munawalipira zingati?

Mlimi wa ku Santhe:
Agogo, mwandigwira pakhosi. Anali anyamata awiri ochokera ku Dedza, ndipo mmodzi sindinamumalizire. Ndinamuuza kuti adikire mabelo atatu otsalawo agulitsidwe. Anandisiyira nambala ya mlongo wake, iye foni alibe.