Barfleur, doko la mafumu: anthu ake anapita kuti?

NaBanda wa ku Poole:
Abale odziwa mbiri, ndithandizeni. Mwezi wathawu ndinapuma ku ntchito masiku atatu, ndiye ine ndi mwana wanga tinakwera sitima ya pamadzi kuchokera kuno ku England mpaka Cherbourg, ku France, n'kupitirira kukamudzi kotchedwa Barfleur, m'dera la Normandy. Nyumba zonse n'zamiyala yotuwa, tchalitchi cha Saint-Nicolas chili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Tinafika madzi ataphwera, maboti atakhala pamatope chopendekeka ngati ng'ombe zobzikula, mpaka mwana anandifunsa ngati nyanja yabooka. Pamwala wina pakamwa pa doko anakhomapo chitsulo chokumbukira sitima imene William, wolamulira wa Normandy, anakwera pokalanda England mu 1066. Koma mumsewu waukulu, zii! Mawindo ambiri otseka. Mayi wogulitsa buledi anati okhalamo chaka chonse sakwana 600. Doko la mafumu n'kuchepa kuposa mudzi wa kwathu ku Ntcheu? Chinachitika n'chiyani?

Aphunzitsi Opuma:
Mayi NaBanda, mwapondatu pamalo olemera. M'zaka za m'ma 1100 mafumu a ku England analinso eni ake a Normandy, choncho ankaoloka pafupipafupi, ndipo Barfleur ndiye linali khomo lawo. Usiku wa pa 25 November 1120, sitima yotchedwa Blanche-Nef inanyamuka pamenepo itatenga William Adelin, mwana wa Mfumu Henry I yemwe ankayembekezeka kulowa ufumu. Oyendetsa anali atakhuta vinyo. Isanapite patali inagunda thanthwe la Quillebeuf, anthu pafupifupi 300 n'kumira. Amati anapulumuka mmodzi yekha, wogulitsa nyama wa ku Rouen. Chondiseketsa ine n'chakuti Stephen wa ku Blois, mphwake wa Henry I, anatsika sitimayo isananyamuke, akuti chifukwa chotsegula m'mimba, ndipo ndi yemweyo anadzalanda mpando mu 1135 n'kulimbana ndi Matilda, mwana wamkazi wa Henry I, zaka zambirimbiri. Mimba inamuvekatu ufumu.

Za kuchepa kwa anthu: mu 1204 mfumu ya France inalanda Normandy, maulendo a mafumu aja n'kutha. Kenako mu 1346 Edward III, mfumu ya England, anabwera ndi asilikali, n'kufunkha tauniyo. Siinadzukenso ngati kale, ndipo patapita zaka mazana doko lalikulu la derali linakhala Cherbourg.

Achimwene a ku Caen:
Aphunzitsi anena zakale, koma mawindo otseka munaonawo si a Edward III ayi. M'zaka za m'ma 1800 anthu anali opitirirabe 1,000, ambiri asodzi. Lero nyumba zambiri anagula anthu a m'mizinda amene amangobwera patchuthi, mitengo n'kukwera, achinyamata a pomwepo n'kusamukira kumene kuli ntchito. Malo okulirako palibenso, mudzi wonse sukwana ngakhale sikweya kilomita imodzi. Nato tinkhono takuthengo ta m'nyanja timene ankatchuka nato, blondes de Barfleur, tasowa zaka zaposachedwapa. Mudzabwere mu August, pooimika galimoto mudzachita kusowa.

NaBanda wa ku Poole:
Zikomo nonse. Achimwene, ndiye kuti mayi wa buledi uja ankanena zomwezo, kungoti French yanga ndi ya Fomu 2, ndinangomva "Paris, Paris" uku akuloza nyumba zotseka. Aphunzitsi, thanthwelo tiyenera kuti tinaliyang'ana osadziwa, chifukwa tinayenda wapansi mpaka ku nsanja younikira sitima ya Gatteville, yotalika mamita 75. Masitepe ake ndi 365. Mwana anawerenga onse mokweza, ine pofika pa 200 mawondo anali atayamba kale kukana. Pamwamba mphepo inandilanda duku, n'kuliulutsira cha kumadzi komweko.