Chevda cha m'sitolo ndi kale wa nkhuku: ndalakwitsa pati?

NaPhiri_wa_ku_Leicester:

Abale anga, ndibwerekeni nzeru. Loweruka m'mawa, nditaweruka ntchito ya usiku, ndinadzera ku Belgrave Road kukagula therere ndi ufa. Pafupi ndi polipirira ndinaona paketi ya magalamu 200 yolembedwa Bombay mix, pakona pake atajambulapo tsabola atatu. Mnzanga wina wa kuntchito, mayi wachimwenye wa Chigujarati, amakonda kubwera nazo m'kakontena nthawi ya tiyi, ndiye ndinati nane lero ndilaweko. M'katimo muli timizere tachikasu tothyokathyoka, mtedza, tchana wokazinga ndi timasamba touma. Kukukuta pazokha n'zokoma zedi, ndinayamba ndili m'basi momwemo.

Madzulo ndinaphika kale wa nkhuku (ndikunena kale wothira m'ndiwo uja, musati ndinaphika nkhuku yakale) ndi mpunga wa Kilombero womwe achemwali anandibweretsera mu Ogasiti, umene ndimachita kuupima ngati mankhwala. Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinakhuthulira theka la paketi mumphika, n'kuvundikira, n'kupita kukayankha foni ya amayi ku Zomba. Amayi akayamba kufotokoza za maliro a m'mudzi sathamanga ayi. Pobwera ndinapeza msuzi wonse wauma, zasanduka phala lachikasu, mafuta ali yandaa pamwamba. Mchere wake ngati ndathira kawiri. Bambo a kunyumba anadya mwaulemu, kenako anati, "Mayi a Chiso, kodi lero talakwanji?" Mwana anamwa makapu atatu a madzi, mamina ali chuchuchu.

Ndiye funso langa: zinthuzi amadyera limodzi ndi kale zoona, kapena ndazikakamiza ndine? Theka la paketi lidakalipo, ndipo kutaya chakudya sindinaleredwe choncho.

Agogo_a_ku_Limbe:

Mwana wanga, ndaseka mpaka mdzukulu amene akundilemberayu wandidzudzula. Ine ndinagwira ntchito ya ukhukhi kwa amwenye ku Limbe zaka zambiri, ndipo zimenezo tinkapanga tokha pakhomo. Dzina lake ndi chevda. Bombay mix ndi dzina la kwa azungu kumeneko.

Timizere tachikasu mukunenato amati sev. Amakanda ufa wa tchana ndi mchere, tsabola ndi zokometsera zina, n'kuufinya m'kachipangizo ka mabowo ang'onoang'ono kuti ugwere m'mafuta owira. Madzi onse amathera m'mafutamo. Ndiye chinthu chouma chotero mukachiika mumsuzi wotentha n'kuvundikira, chimamwa msuzi wonse, n'kulavula mafuta ndi mchere wake. Ndi zomwe zakuchitikiranizo. Simunalakwe kuphatikiza, mwalakwa nthawi ndi malo. Chevda sichilowa mumphika. Pakulani mpunga, thirani kale, khalani pansi, ndipo pamenepo m'pamene muwaze pang'ono pamwamba, kadzanja kamodzi basi. Chikatha muwazenso. Kukoma kwake kuli pakuti mbali ina yanyowa koma ina ikadali kukutukukutu.

Agujarati ali nayo ndiwo yotchedwa sev tameta: msuzi wa matimati wotsekemera pang'ono, sev amamuthira pomaliza penipeni, anthu atasamba kale m'manja. Adona a pakhomo paja ankandikalipira ndikafulumira kuthira ngakhale ndi mphindi zochepa. Ankaiphika masiku amene masamba asowa pamsika. Mukafuna kuyesa, gulani sev payekha, wonenepa uja, osati wosakaniza ndi mtedza.

Za mchere, mukadziwa kuti pathebulo pakhala chevda, chepetsani mumphika. Cha m'sitolo amachulutsa mchere kusiyana ndi chopanga pakhomo.

Kumene muliko n'kwawo kwa zinthuzi. Amwenye ambiri anafika ku Leicester atathamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972, ndipo ena anachokera konkuno m'zaka za m'ma 1970, boma la a Kamuzu litawaletsa kuchita malonda kumidzi. Banja limene ndinkaligwirira ntchito nalo linapita komweko. Mukamagula muzilankhulako Chichewa, mudzadabwa tsiku lina gogo wa pakauntala akukuyankhani kuti "zikomo, mama".

Mjoni_wa_ku_Durban:

Agogo, ulemu wanu, koma pamenepa ine ndikutsutsako pang'ono. Kuno ku Durban amwenye ndi ochuluka, ndipo kale ndimadya pafupifupi tsiku lililonse pa nkhomaliro. Chomwe amaika pambali pa bunny chow, buledi wobowola pakati n'kuthiramo kale uja, ndi sambals: karoti wopala, anyezi, tsabola wamuwisi ndi viniga pang'ono. Kunyumba amawonjezera achari ya mango. Chevda, chomwe kuno ena amati chevra, ndimachiona pa tiyi, pa ukwati ndi nyengo ya chikondwerero chawo cha Diwali.

Maganizo anga ndi akuti kale wa nkhuku ali kale ndi mafuta komanso ndi wolemera m'kamwa. Chomwe akusowa ndi chowawasa ndi chozizira, osati chokazinga china. Achemwali, dulani matimati awiri ndi anyezi mmodzi, finyiranipo ndimu, mumve kusiyana kwake. Paketi yotsalayo sungirani mpira wa Loweruka, alamu azikukuta akuonera Leicester City.

Agogo_a_ku_Limbe:

Mjoni, pa nkhuku wanena zoona, sindikukana. Chevda chimagwirizana bwino ndi ndiwo za msuzi wambiri zopanda nyama: nandolo, mphodza, matimati. Ku Maharashtra, ku India, kuli chakudya chotchedwa misal, nyemba zomeretsa za msuzi wowawa tsabola, ndipo pamwamba pake amaunjikapo zokukuta zomwezi, anyezi wamuwisi ndi ndimu. Ndiye usanene kuti n'za pa tiyi pokha. Mwanayu ayese pa nandolo. Nandolo wathu wa ku Mulanje ndi ku Phalombe yemweyu amapita ku India n'kukasanduka toor dal, mwina m'sitolo momwe anagula chevdamo alimo, atangosintha dzina ndi mtengo.

Nasi_Nangozo:

Ine ndalowerera pa nkhani ya mwana yekhayo. Pepani Chiso. Tsiku lina musadzamupatse madzi, sathandiza kwenikweni. Chomwe chimawotcha mu tsabola ndi capsaicin, ndipo sichisungunuka bwino m'madzi, chimagwirana ndi mafuta. Madzi amangochimwaza m'kamwa monse. Mkaka kapena yogati ndiye amachichotsa, n'chifukwa chake amwenye amaika raita pathebulo, yogati wosakaniza ndi nkhaka. Kwathu tikanangoti chambiko. Supuni ziwiri pambali pa mbale ya mwana zikwanira.

Chinanso, popeza ndine nasi sindingasiye: tembenuzani paketiyo muwerenge mchere pa magalamu 100. Munthu wamkulu ku Britain amalangizidwa kusapitirira magalamu 6 a mchere patsiku. Ngati m'nyumbamo muli wa BP, kadzanja kamodzi ka agogo kaja kakhale kamodzidi. Ndipo muli mtedza, musapatse mwana wa eni musanafunse makolo ake.

Koma zoti tsabola atatu a papaketi akuliza banja lonse, anthu okulira pa kambuzi ndi Nali, ndiye mwatichititsa manyazi.

NaPhiri_wa_ku_Leicester:

Anasi, tsabola wa paketi payekha sakanatitha, vuto n'loti mumphikamo ndinali nditaponyamo kale kambuzi muwiri wa m'botolo. Chimenecho ndinabisa poyamba paja.

Dzulo ndinatsata malangizo a agogo. Ndinapezadi toor dal m'sitolo yomweyo, ndinaphika wa msuzi wambiri, mchere theka, chevda m'kambale pakati pa thebulo, yogati pambali, ndi matimati a ndimu a achimwene a ku Durban. Chiso anasankhamo mtedza wokhawokha n'kusiya zinazo. Bambo ake anawaza kanayi konse, kadzanja ka agogo kanaiwalika, ndipo paketi yatha. Pa nkhuku sindidzabwerezanso.

Gogo wa pakauntala ndinamuyesa Chichewa. Anandiyankha Chiswahili, ndi wa ku Kampala. Loweruka likubwerali ndikagula sev payekha. Agogo, pa sev tameta ya anthu atatu matimati akhale angati, ndipo shuga amathira wochuluka bwanji?