Ndingalimbitse bwanji thupi bondo lisanachire?

Moni nonse abale anga, ndithandizeniko nzeru. Ndinavulala bondo lakumanja mwezi wathawu ndikutsika phiri la Soche. Kuchipatala atandijambula anati fupa silinathyoke, koma mtsempha unakokeka, choncho ndisathamange kaye.

Ndimakhala ku Chilobwe, ndipo ndinazolowera kuthamanga m'mamawa mpaka ku Kamuzu Stadium. Pano ndangokhala, thupi layamba kulemera, ndipo zimandiwawa ndikaona anzanga akudutsa.

Ndayesa kuikapo ayezi, kumanga bandeji komanso kuyenda pang'onopang'ono. Kutupa kwachepa, koma masitepe ndi zitunda za kwathu kuno zikundisautsabe, makamaka potsika. Njinga ndinaileka, imandipweteka.

Kodi mafizo otsikirapo mtengo ndingawapeze kuti muno mu Blantyre? Nanga inu amene munavulalapo bondo, munkachita masewera anji osalilemetsa? Kusambira kungandithandize, ndipo mumasambira kuti?